Masampulo a madzi akufika ku Tete atafunda

Wa ku Ulongwe: Akuluakulu thandizeni nzeru. Ndikumatunga madzi mu Revúboè ndi timitsinje ta kuno ku Angónia n'kutumiza ku labu ku Tete pa chapa (minibasi), koma zotsatira za E. coli (bakiteriya wosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi) zikungosinthasintha, malo omwewo sabata ino chiwerengero chakwera sabata inayo chatsika, chonsecho mvula sinagwe. Chapa imadikira idzadze kaye ndiye mabotolo amafika madzulo jelo (ayezi) yense atasungunuka. Mafumu akufunsa ngati anthu azimwabe madziwa ndipo ine sindikufuna kuwayankha zongoganizira.

Wa ku labu: Achimwene vuto ndi ulendowo basi. Sampulo ya mabakiteriya imafunika iyezedwe pasanathe maola 6, zikavutitsitsa isapitirire 24, ndipo iziyenda mumdima yozizira pansi pa madigiri 10. Kuno mwezi uno wa October kutentha kukumadutsa madigiri 40, tizilombo m'botolomo tina timaswana tina timafa, ndiye chimene timawerenga ife si cha mumtsinje wanunso ayi.

Mkulu wa ku Moatize: Zoona mayi. Mphwanga siya jelo wogumula uja, sachedwa kusungunuka komanso madzi ake amanyowetsa zivindikiro. Dzadza mabotolo a pulasitiki uwumitse mu firiji usiku wonse, uwandandike m'mbali mwa colman (bokosi losungira zozizira), masampulo pakati, koma asaume nawo. Uikemonso kabotolo kena ka madzi wamba koti a labu akapimire kutentha ukafika. Ndipo umuuze kondakitala asaike colman pamwamba pa injini kapena padenga, ukapanda kunena amangoponya pamene papezeka malo. pH (muyeso wa asidi m'madzi), oxygen ndi kutentha kwa madzi uziyeza pamtsinje pomwepo, zimenezo sizidikira ulendo.

Wa ku Chifunde: Ndilowererepo pang'ono, kuno magarimpeiro (okumba golide pamanja) akutsuka golide mumtsinje madzi achita kufiira, nkhawa yanga ndi mercury, chitsulo chapoizoni chimene amagwirira golide. Botolo lomwelo lingagwire ntchito?

Wa ku labu: Ayi achimwene, la zitsulo limakhala lakelake, timathiramo nitric acid mpaka pH itsike pansi pa 2. Mutapenso matope apansi chifukwa mercury amakonda kukhazikika mmenemo, madzi apamwamba atha kuoneka bwino pomwe nsomba zikudya poizoni. Malire a WHO pa madzi akumwa ndi 0.006 mg pa lita. Funsani kaye ngati labu imene mukutumizako ili ndi makina ake, si onse amayeza mercury.

Wa ku Ulongwe: Zikomo kwambiri akuluakulu. Lolemba nditunga mbandakucha, mabotolo awiriawiri pamalo aliwonse kuti tifananize, ndilemba nthawi pabotolo ndi kukweza chapa yoyamba. Mafumu ndiwauza anthu ayambe awiritsa madzi kapena kuthira klorini podikira.

Wa ku labu: Chabwino, mundiimbire chapa ikangodutsa Moatize ndikonzeretu zosefera.