E-Type yopanda denga: inabadwa choncho kapena anachita kudula?

Wa ku Booysens, ku Joni: Abale okonza magalimoto, thandizeni msanga. Kasitomala wandisiyira Jaguar E-Type 3.8, chiwongolero kumanja, akuti ndipope penti akagulitse ngati roadster (yopangidwa yopanda denga) yeniyeni. Pochotsa kapeti kuseri kwa mipando ndapeza mzere wowotcherera ndi makina a MIG, wosapala n'komwe. Iye akulimbikira kuti inachoka choncho ku fakitale ya Jaguar ku Coventry. Ine maso anga akuti coupe (ya denga lachitsulo) yodulidwa. Akubwera Lachisanu, ndimuuze chiyani?

Madala a ku Selby: Yendetsa maginito kumbuyo konseko. Pomwe sakugwira ndi bodifila, phala lomatira bodi lija. Nkhani yatha.

Wa ku Wynberg: Madala, ku fakitale E-Type ankatseka misoko ndi mtovu. Maginito sagwira pamenepo ngakhale galimoto ikhale yeniyeni. Achimwene, onani nambala ya chesesi. Pa 3.8 ya kumanja roadster imayamba ndi 850, coupe 860 kapena 861. Nambala ya bodi nayo, R ndi roadster, V ndi coupe. Kapuleti kolembedwa manambalawa musakakhulupirire, munthu amasintha nthawi ya lanchi yomwe. Yofunika ndi yodindidwa pafelemu, pamwamba pa shokabu yakutsogolo kumanja.

Wa ku Jeppe: Felemuyonso ndi yomanga ndi mabawuti, amasintha. Mwini wake aitanitse satifiketi ku Jaguar Daimler Heritage Trust, bungwe losunga mbiri ya magalimoto a Jaguar, imanena mmene galimoto inatulukira. Alipire yekha, osati inu.

Madala a ku Selby: Mapepala amanama. Maginito sanama.

Wa ku Turffontein: Zodulazi ine ndinasiya kulandira. Wina anandibweretsera Datsun 240Z yopanda denga, pomwe Nissan sinapangepo 240Z yotero. Anangodula ndi girayinda osalimbitsa pansi. Nditaika jeke pakati, zitseko zonse zinakana kutsekeka, galasi lakutsogolo kung'aluka ndili pompo. Mwini wake akuti ndathyola ndine. Ndalama ya leba ndinaisiya momwemo. Achimwene, musanaikweze yezani mipata ya zitseko, mujambule, asayinire.

Wa ku Booysens: Kapuleti kakuti 850. Pafelemu pali penti yochindikala, ndipale?

Wa ku Jeppe: Ayi ndithu! Osakhudza nambala mwini wake palibe. Zikakapezeka zopalidwa ku police clearance, funso loyamba ndi loti inali pagalaja ya ndani. Ife a kumudzi kuno ku Joni mukudziwa mmene zimathera. Pa job card lembani penti basi, mawu oti original asatuluke m'kamwa mwanu.

Madala a ku Selby: Mtovu ndi bodifila ndimasiyanitsa pogogoda ndi chala. Ana inu mwazolowera foni. Ndati yamba ndi maginito.

Wa ku Wynberg: Si E-Type yokha. Porsche 911 cabriolet, ya denga la tenti, inayamba 1983, koma ndinaonapo ya m'ma 70 ikugulitsidwa ndi tenti, mwini wake osachita manyazi.

Wa ku Turffontein: Poti mwatchula tenti, alipo akudziwa wosoka bwino cha ku Rosettenville kuno? Wanga uja anapita kumudzi mwezi watha, foni sakuyankha.