Nkhani ya msana ija, opaleshoni sindinachite

Abale ndabweranso ndi nkhani ya msana ija. Paja ndinafunsa ngati ndivomere opaleshoni kapena ndiyambe ndayesa fiziyo (mafizo olimbitsa thupi amene achipatala amakuchititsa), poti makina ojambula m'thupi a MRI anaonetsa kuti disiki (kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana) ya pa L5/S1, kumunsi kwa msana, yatuluka ikupanikiza mtsempha, ululu umachita kutsika mpaka kuphazi lakumanzere, munthune ndili ndi zaka 27 zokha.

Zikomo kwambiri nonse munayankha, makamaka achemwali aja munati ndikamve kaye maganizo a dokotala wina. Ndinapitadi, adokotalawo anati anthu ambiri a vuto ili amapeza bwino pakati pa masabata 6 ndi 12 osachitidwa opaleshoni, nthawi zina kachidutswa kotulukako kamachepa kokha m'thupi. Akuti opaleshoni imachotsa msanga ululu wa m'mwendo koma pakatha chaka kapena ziwiri kusiyana kwake ndi amene sanachite kumakhala kochepa.

Ndiye ndinasankha fiziyo, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, zonyamula matumba a chimanga ndinasiya. Zongogona pabedi anandiletsa. Masabata oyambirira zinali zowawa sindinama, mankhwala ochepetsa ululu a diclofenac nawonso anandipweteka m'mimba mpaka anandisinthira mankhwala. Pano ndikumakwera minibasi bwinobwino, kwangotsala dzanzi pang'ono kuchala chakuphazi.

Koma anzanga amene muli ndi vuto ngati ili, mukamva dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo ukukanika kapena ukutuluka wokha, kapena phazi lafooka mukuchita kulikoka poyenda, za fiziyo zisiyeni kaye thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, pamenepo opaleshoni siyodikira. Ngati mukuonda komanso kutuluka thukuta usiku apempheni akuyezeni TB ya msana, kwathu kuno imapezeka ndithu.