Thandizeni abale, MySQL yakana kuyaka ndipo pulojekiti tikupereka Lachisanu

Membala wobisa dzina:
Abale mutu wanga sukugwira. Ndili chaka chachitatu, tinapatsidwa pulojekiti ya database yoti tipange sisitimu yolembera odwala pa kachipatala, PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi MySQL (yosunga deta m'matebulo) pa XAMPP, pulogalamu yoyendetsera zonsezi pa kompyuta. Pa gulupu tilipo 5 koma wogona mochedwa ndine ndekha, wina amangobwera kudzaona ngati dzina lake ndalilemba pachikuto, wina akuti ali ku maliro ino sabata yachitatu, ndalama yopulintira palibe wasonkha olo mmodzi. Laputopu ndinachita kubwereka kwa achemwali anga ndipo akuifuna Loweruka. Ndiye dzulo ndikuti ndiyatse, Apache (seva ya webusaiti) ikuyenda bwinobwino koma MySQL ikungoyaka kamphindi n'kuzima, matebulo anga 11 ali momwemo. Kosi yomweyi ndinalembapo kale sapu, fizi amandilipirira amalume a ku Joni, ndikawauza chani ine ndikabwereza? Ndipange bwanji chonde.

Mkulu wa Linux:
Vuto lanu ndi Windows basi. Chaka chachitatu mukadali pa XAMPP? Ikani Ubuntu, mtundu wa Linux, m'malo mwa Windows muphunzire kulemba ma command ngati anthu. Ndipo chimene mukuchitcha MySQL mu XAMPP yamasiku anoyo ndi MariaDB, izinso simukudziwa, m'kalasi mumatani kodi.

Mayi wa Awiri:
Achimwene musanakhudze chilichonse kopani foda yonse ya C:\xampp\mysql\data muiike pa fulashi. Kenako pa Control Panel dinani Logs pa mzere wa MySQL mutitumizire zimene zalembedwa kumapeto. Popanda zimenezo tonse tikungolota.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Ine yanga anandibera m'minibasi ya ku Limbe kutatsala masiku awiri kuti ndipereke, chikwama anachita kung'amba ndi lezala, kondakitala ati sanaone kanthu. Ndinalira ngati mwana aise. Mpaka lero sindikhala mpando wakumbuyo.

Mkulu wa Linux:
Mukanakhala kuti mumagwiritsa ntchito Git posunga code yanu bwenzi musanalire. GitHub, yosungirako code pa intaneti, ndi yaulere. Ana amasiku ano bandulo mumathera pa TikTok.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Akulu Git ikanandibwezera laputopu? Mwayamba liti kunyoza anthu oferedwa kkkk

Wa ma network:
Mwina ndi port chabe, khomo limene pulogalamu imalumikizirana ndi zina. MySQL imafuna 3306, ndiye ngati munaikapo MySQL ina payokha, kaya ija imabwera limodzi ndi Workbench, ziwirizo zimalimbirana khomo limodzi. Dinani Netstat pa Control Panel muone amene wakhala pa 3306. Laputopu ndi yobwereka mwati, mwina achemwali anuwo anaikamo zawo.

Nachisale:
Koma nkhani ya gulupuyo ndiye yandipsetsa mtima. Chotsani maina awo! Pitani kwa alekichala mukanene poyera, anthu oterewa amamaliza ndi digiri yoyera kenako n'kukakulandani ntchito pomwe kulemba SELECT sadziwa. Ine ndinanyamula anthu anayi chaka chomaliza, lero akandiona m'tauni moni sapereka.

Mlaliki wachinyamata:
Osachotsa munthu amene ali pa maliro mayi, mawa ndi inu.

Nachisale:
Maliro a masabata atatu abusa? Anthu amasesa tsiku lachitatu n'kubwerera ku ntchito.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Wa maliroyo ndamuona pa status ali ku nyanja ndiye zandiwawa kwambiri. Ubuntu sindingaike, laputopu si yanga. Wina ku inbox akuti ndingofufuta fayilo ya ibdata1 iyaka, ndichite?

Mayi wa Awiri:
AYI musafufute! Mu ibdata1 ndi momwe InnoDB, injini ya matebulo ya MySQL, imasunga zinthu zofunika za matebulo anu, mukafufuta itha kuyaka inde koma mukatsegula phpMyAdmin, tsamba loonera database, izikuuzani kuti tebulo kulibe. Ngati magetsi anathima MySQL ili mkati moyenda ndiye mwina mafayilo ena anaonongeka. Anthu amatere: foda ya data aisinthe dzina ikhale data_old, apange ina ya data, akoperemo zonse za mu foda ya backup ili pambali pakepo, kenako abwezeremo foda ya database yawo ndi ibdata1 yakale ija. Koma za mysql, performance_schema ndi phpmyadmin zakale osabwezera. Ndipo kaye tiuzeni, magetsi anathima kapena ayi?

Mkulu wa Linux:
Zonsezi ndi zigamba. Ndipo ndikudziwa kale kuti mapasiwedi mwasunga ndi MD5, njira yakale yosavuta kuthyola, kapena osabisa n'komwe, query (funso lopita ku database) mwangolumikiza ndi $_POST, zimene munthu walemba pa fomu, osazisefa. Sisitimu ya odwala! Munthu angolemba ' OR '1'='1 pa login walowa, matenda a anthu onse pambalambanda. PHP ili ndi password_hash ndi prepared statements, zilipo kalekale. Ine pa intavyu ndimabweza anthu chifukwa cha zomwezi.

Wa ma network:
Apa pokha mwanena zoona akulu, koma munthu nyumba ikupsa inu mukumufunsa za penti.

Mkulu wa Linux:
Ndiye azipereka zobooka chifukwa akufulumira? Ndi chifukwa chake masisitimu athu amagwa daily.

Dada wa ku Mzuzu:
Kodi pali amene ali ndi manotsi a normalization? 3NF ikundizunguza mutu, mayeso Lolemba.

Mnyamata wa pa Ndirande:
Dada tsegulani positi yanu, pano pali maliro kale.

Membala wobisa dzina:
Achemwali aimbanso kuti aifuna Lachinayi m'malo mwa Loweruka, ati ali ndi zoti alembe ku ntchito. Sindinadye chidzukire.

Mayi wa Awiri:
Idyani kaye achimwene. Foda ija mwakopa? Nanga munapangapo Export pa phpMyAdmin olo kamodzi, fayilo ya .sql ilipo penapake? Ndikudikirabe log ija, ingojambulani ndi foni.