Tikufuna kuyambitsa nthambi yathu ya SCA, koma ndikuopa kukhumudwitsa amene anatilera

Moni nonse pagulu pano. Nkhani yangayi imveka yachilendo kwa ambiri, koma aliyense amene anayendetsapo gulu aizindikira msanga. Chonde ndigawireniko nzeru.

Ndimakhala kumpoto kwa England, ndipo ichi ndi chaka changa chachinayi m'bungwe la Society for Creative Anachronism, lomwe timangoti SCA. Linayambira ku Berkeley, California, mu 1966. Timaphunzira ndi kuchita zomwe anthu ankachita chisanafike chaka cha 1600: kusoka zovala zawo, kuphika zakudya zawo, kuponya mivi, ena kumenyana ndi malupanga a ndodo za rattan atavala zipewa zachitsulo. Ine changa ndi singano. Bungweli linagawidwa m'maufumu, ndipo wathu ndi Drachenwald, womwe umatenga Europe, Middle East ndi Africa, moti a ku Cape Town ndi anzathu a ufumu umodzi. Ife a ku Britain, Ireland ndi Iceland tili m'chigawo chake chotchedwa Insulae Draconis.

Nthambi yomwe ndinalowera, imene amati shire, imakumana kutali. Kupita ndi kubwera pasitima ndi maola anayi, utasenza chikwama cha zovala. Chaka chatha ife a m'tauni muno tinayamba kukumana patokha Lachitatu madzulo m'holo ya tchalitchi, ndipo pano tilipo 7. Anzanga akuti yakwana nthawi tikhale ndi shire yathu.

Malamulo a bungwe ndawawerenga. Shire imafuna mamembala olipira osachepera 5, pomwe barony, yomwe ndi yaikulu, imafuna 25. Pafunika seneschal, amene ali ngati wapampando, pafunika msungichuma, kenako udindo wina umodzi: woyang'anira zomenyana, woona za mayina ndi zizindikiro, kapena wa zaluso. Dzina liyenera kuvomerezedwa ndi a College of Arms, omwe amalembetsa mayina ndi zizindikiro m'bungwemu, ndipo chizindikiro cha nthambi chimayenera kukhala ndi nkhata ya masamba a laurel. Musanavomerezedwe mumayamba mwakhala pa mayeso, ndiye amakutchani incipient.

Chiwerengero takwana. Koma wachuma palibe akufuna, aliyense akungoloza mnzake, pomwe zojambula za chizindikiro zafika kale zisanu. Ndipo chomwe chikundisowetsa tulo ndi amayi ena achikulire a ku shire yathu yakale. Ndiwo anandibwereka diresi tsiku loyamba, ndiwo anandigwira dzanja pondiphunzitsa kupinda mkombero wa nsalu ya linen kuti ulusi usaoneke kunja. Nditawauza za ganizoli sanakane. Anangopitiriza kusoka, kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti nanga pa phwando la chaka chamawa kukhitchini kukhala ndani. Ife ndi amene timatsuka mbale ndi kunyamula matebulo. Dera lomwe tikufunalo nalonso ndi lawo pakalipano.

Tipemphe chaka chino, kapena tidikire? Nanga amayiwa ndiwafikire bwanji?

Bambo wina ku Leeds:
Achemwali, za malupangazo sindizidziwa, koma zomwe mwafotokozazi ndinaziona kumudzi m'mpingo wathu wa CCAP. Nyumba ya mapemphero simadzuka tsiku limodzi n'kukhala mpingo woima paokha. Imayamba yaonetsa kuti ingathe kusonkha, kulemba mabuku ndi kudzisamalira, ndipo akuluakulu a mpingo waukulu ndi amene amaiperekeza. Inu musapite kwa amayiwo ndi nkhani yotha kale. Pitani ngati mwana wopempha kuti amutulutse m'nyumba. Muwapemphe kuti iwowo akhale okuimirirani.

Mayi wina ku Pretoria:
Ine ndaima pa wachumapo. Ndasunga ndalama za banki nkhonde zaka zambiri, ndipo gulu lopanda msungichuma wodzipereka yekha silikhalitsa. Wokakamizidwa amalemba malipoti awiri, lachitatu mumamusaka pa foni. Komanso anthu 7 ndi ochepa kuposa momwe mukuonera. Kunja kuno wina amasamuka chifukwa cha ntchito, wina visa yatha, wina wabereka. Mwa 7 amenewo, ndi angati ali a nyumba imodzi?

Wofunsa:
Amayi, mwandigwira penipeni. Awiri ndi banja, wina ndi wa ku yunivesite ndipo amaliza chaka chamawa. Atachoka atatuwa titsala 4, pansi pa chiwerengero.

Mchimwene wina ku Cardiff:
Ndinakhalako mu SCA zaka zingapo. Palibe chokuletsani kupitiriza kukumana Lachitatu muli pansi pa shire yakale. Pemphani kuti mmodzi wa inu akhale wachiwiri kwa msungichuma wawo, aphunzire malipoti ali ndi womuongolera. Wina ayambe kuphunzira ntchito ya marshal, woyang'anira zomenyana uja, chifukwa popanda iyeyo zomenyana simungachite. Kenako konzani chochitika cha tsiku limodzi kwanuko, m'dzina la shire yawo: holo, chakudya, kulandira alendo, kuwerengera ndalama pomaliza. Pamenepo mudziwa amene amagwiradi ntchito ndi amene amangokonda kuvala. Seneschal wa Insulae Draconis mulembereni panopa, musadikire kuti zonse zipse, akuuzani zomwe ufumu wanu umawonjezera pa malamulo aakuluwo. Za chizindikiro ikani kaye pambali, zimadya misonkhano.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ganizo la wachiwiri kwa msungichuma silinandifikepo, ndipo ndikuona kuti mnzathu wina amene amachita manyazi angalole atadziwa kuti sakhala yekha. Loweruka ndikukwera sitima kukaonana ndi amayi aja kunyumba kwawo, ndanyamula malaya omwe manja ake akundivuta. Achimwene a ku Cardiff, chochitika choyambacho tiyambe ndi phwando la chakudya kapena tsiku la mivi basi? Khitchini ya m'holo yathu ili ndi uvuni umodzi wokha.