Ma Ace awiri, madala akweza pa turn: kutaya kapena kulipira?

Yamikani: Akuluakulu, ndibwerekeniko nzeru pa hand ya poker (Texas Hold'em) imene ndinasewera Loweruka ku Namiwawa. Blinds (ndalama zimene anthu awiri amayenera kuika makadi asanagawidwe) K1,000/K2,000. Ine ndi madala aja amakonda kukhala pafupi ndi zenera tonse tinali ndi K400,000 patebulo. Ndinalandira A♠ A♦, nkukweza kufika K8,000. Madala call (kulipira zofanana) pa button, malo osewera pomaliza, big blind nayenso call, mu pot (ndalama zonse zapakati) K25,000. Flop (makadi atatu oyamba a patebulo) K♥ 8♣ 4♦. Ndinaika K15,000, madala call, big blind anataya. Turn (khadi lachinayi) 9♠. Ndinaika K40,000, madala nkukweza kufika K120,000. Ndinataya makadi, iwo sanaonetse. Pobwerera ndinauza Gift m'galimoto, mpaka ku Chilomoni akungondinena. Inuyo mukanatani?

Gift: Ndipo ndibwerezanso pano. Ma Ace awiri amabwera kamodzi pa ma hand 221, iwe ukuwataya chifukwa munthu wakweza kamodzi? Pa board imeneyo (makadi a patebulo) palibe flush (makadi asanu a suit imodzi), palibe straight (makadi asanu otsatizana). Madalawo agwira AK (Ace ndi King), aona King wawo, akudziona ngati mfumu. Ine pamenepo ndi all-in basi.

Ankolo Mussa: Gift, zoti amabwera kamodzi pa 221 zinatha ntchito flop isanatsegulidwe. Pofika pa turn Yamikani ali ndi pair imodzi, kaya ndi yokongola bwanji. Tiyeni tiyambire pa mtengo. Mu pot munali K55,000, kuphatikiza K40,000 yake ndi K120,000 ya madala, yonse K215,000. Kuti aone river (khadi lachisanu, lomaliza) alipire K80,000. Gawani 80 ndi 295 (215 kuphatikiza 80 yakeyo), mupeza 27%. Ndiye kuti pa maulendo 100 otere afunika kupambana 27 kuti asaluze.

Gift: Ndiye mwandivomereza. Ma Ace angalephere 27%?

Ankolo Mussa: Dekhani, sindinamalize. Muwerenge makadi amene angakweze pamenepo. Ma set (pair ya m'manja yofanana ndi khadi la pa board): 88, 44 ndi 99, iliyonse ili ndi njira 3 chifukwa khadi limodzi lili kale pa board, zonse 9. Two pair za suit imodzi: K9, K8 ndi 98, iliyonse njira 2, zonse 6. Akakumana ndi set, Yamikani watsala ndi ma Ace awiri okha pa makadi 44, sizifika ndi 5% yomwe. Akakumana ndi two pair zimakhalako bwino, ali ndi makadi 8 omupulumutsa, chifukwa board ikapanga pair ina iye amakhala ndi two pair yoposa yawo. Imeneyo ndi 18%. Mukasakaniza njira 15 zonsezi, mwayi wake uli cha pa 10%. Tsono nkhani yonse yagona pa AK yanuyo.

Thoko: Ndipo AK si yochuluka monga mmene Gift akuganizira. King mmodzi ali pa board, atsala 3. Ma Ace awiri ali m'manja mwa Yamikani, atsala 2. Njira zake ndi 6 basi, pamene akanakhala kuti wagwira makadi ena zikanakhala 12. Ma Ace akewo ndi amene akuchepetsa hand yomwe akufuna kukumana nayo.

Ankolo Mussa: Eya. Mukaika zonse 6, mwayi ukwera kufika cha pa 34%, call ikuoneka yabwino. Mukaika theka, 3 zokha, ukutsikira pa 24%, call yafa. Mwaona kuti masamu okha sakutiweruzira, tifunika kuwadziwa madalawo.

Tadala: Pamenepo ndilankhulepo ine, poti ndimawagawira makadi. Bambo amenewa sakweza ndi pair imodzi. Akagwira King ndi kicker (khadi lawo lachiwiri) yabwino amangoti call, call, call mpaka river, kenako amatembenuza makadi mwaulemu. Ndi anthu ambiri achikulire patebulo lathu amatero, amaopa kuthamangitsa kasitomala komanso amaopa kugwera m'dzenje. Akakweza pa turn, makamaka katatu kuchulukitsa bet ya mnzawo, amakhala atagwiradi kanthu. Sindinawaonepo akutembenuza bluff (kukweza opanda kanthu kuti mnzawo ataye) pa showdown, poonetsana makadi pamapeto.

Gift: Achemwali, kusawaona sikutanthauza kuti sachita. Bluff yopambana sioneka, munthu amangokoka tchipisi.

Tadala: Zoona, koma munthu wokonda bluff amagwidwa ndithu tsiku lina, ndipo ogawa makadi ndife oyamba kuona. Komanso angabluffe ndi chiyani pa board imeneyo? Makadi anayi, ma suit anayi osiyana, flush draw palibe ngakhale imodzi. Zatsala monga 76 ndi JT (Jack ndi 10) zofuna straight. JT ikanatani pa flop ya K-8-4 kuti ilipire K15,000? Mwina 76, poti inkadikira 5. Koma bambo amenewo akweze K120,000 ndi 76? Ayi ndithu.

Thoko: Pali china chimene sitinachitchule. Gift akuti madala angangopanga call ndi AK flop isanabwere osakwezanso. Chabwino. Koma munthu amene sakweza ndi AK nthawi zambiri amabisanso KK. Ukawapatsa AK uwapatsenso KK, njira zina 3 za set yaikulu. Pamenepo 34% ija itsikira cha pa 31%. Sungasankhe makadi okukomera okha.

Yamikani: Koma 31% ikuposabe 27%. Ndiye kuti Gift ali ndi mfundo ngati madala amakwezadi ndi AK?

Ankolo Mussa: Akanakhala ndi mfundo zikanakhala kuti hand ikuthera pa turn. Mukalipira K80,000, pot ifika K295,000 ndipo aliyense watsala ndi K257,000. Munthu wa set pa river aika zonse, sangasiye. Ngati mukudziwa mumtima kuti pa river simudzatha kutaya ma Ace, mtengo weniweni si 80 koma 337, pa pot yomaliza ya K809,000. Imeneyo ikufuna pafupifupi 42%. Palibe mawerengedwe amene tachita pano afika pamenepo. All-in ya Gift ndiye yoipiratu, chifukwa AK ikhoza kuthawa, set sithawa.

Thoko: Ine pang'ono ndisiyane nanu ankolo. Pali njira yapakati: call pa turn, check pa river, akaika zonse utaye. Wa AK akakweza pa turn nkuona kuti walipira, kawirikawiri pa river amachita mantha nkungoti check, iwe nkutenga pot. Ndiye mtengo ukhalabe 80.

Ankolo Mussa: Njira imeneyo ilipo, ndipo kwa osewera ena ndi yoyenera. Koma imafuna zinthu ziwiri: kuti AK ilipodi m'makadi ake okwezera, ndi kuti inuyo muli ndi mtima wotaya pa river mutaika kale K143,000. Chachiwirichi ambiri timangonena pakamwa. Ikafika nthawi timayamba kudziuza kuti ndalama zalowa kale zambiri, pamene ndalama zimene zili mu pot si zathunso. Ndipo choyambacho Tadala wanena kuti palibe.

Chisomo: Ndangofika, ndawerenga zonse. Zimenezi azungu anazipatsa dzina, Baluga theorem: ukakwezedwa pa turn uli ndi pair imodzi, ima kaye uganizenso. Sinena kuti taya nthawi zonse. Kwa ine chimene chikusintha nkhani ndi kuchuluka kwa tchipisi. K400,000 ndi ma big blind 200. Pa flop kumbuyo kunali K392,000 pa pot ya K25,000, kuposa ka 15. Pakuya chonchi pair imodzi siyenera kutenga stack yonse. Yamikani akanakhala ndi K80,000 yokha, kumbuyo kukanatsala pafupifupi katatu ka pot, ndipo bwenzi tikumuuza kuti aike zonse osayang'ananso nkhope ya munthu. Gift anazolowera ma tournament a pa intaneti kumene aliyense ali ndi ma big blind 20 kapena 30, ndipo blinds zikukwera. Mu cash game ngati yathuyi blinds sizikwera, palibe akukuthamangitsa, ukataya hand iyi ina ikubwera pa mtengo womwewo.

Gift: Chabwino, koma mukamataya ma Ace choncho anthu azikukwerani. Mnyamata uja wa ku Ginnery Corner akadziwa, azikukwezani turn iliyonse.

Chisomo: Ameneyo ndi nkhani ina, ndipo kwa iyeyo ine ndi call mosaganiza kawiri. Amalowa ndi makadi alionse, amakweza ndi draw, amakweza ndi KJ, nthawi zina amakweza chifukwa choti watopa kukhala. Makadi omwewo, board yomweyo, yankho losiyana. Ukatayira munthu aliyense amene wakweza ndiye udyedwadi. Koma kulipira madala kuti mnyamatayo akuope ndi kulanga thumba lako pa mlandu wa wina.

Tadala: Ndipo Yamikani anachita bwino kusaonetsa. Ena akataya hand yaikulu amaitembenuza kuti tebulo liwatame, kenako mwezi wonse anthu amangowakankha. Makadi akalowa mu muck (mulu wa makadi otayidwa), nkhani ithere pomwepo. Gift, nawenso usakalengeze kumeneko.

Yamikani: Nanga K40,000 ya pa turn ija, ndikanangoti check?

Ankolo Mussa: Ayi, bet imeneyo inali m'malo mwake. KQ yokha ili ndi njira 12, KJ 12, KT 12, ndipo madala amalipira ndi zonsezo. Mukati check mukuwasiyira ndalama. Mumaika kuti makadi ofooka alipire, ndipo mukakwezedwa ndi munthu amene sakweza ndi ofookawo, mumachoka. Ziwirizi sizitsutsana.

Gift: Ine sindinakhutirebe pa AK.

Thoko: Ndiye tiione. Loweruka aliyense ayang'anitsitse madala akafika pa showdown ndi top pair: anakweza pena paliponse, kapena anangotsatira? Akapezeka atakweza turn ndi pair imodzi ngakhale kamodzi, tibwereranso ku 31% ija ndipo njira yanga ya call iyambe kuganiziridwa.

Tadala: Ndikhala ndikugawa kuyambira 7 koloko. Koma musamandifunse patebulo, mundipezetsa mavuto ndi eni nyumba.