Ndikupempha thandizo pa kusefa lipoti la ngongole mu Excel 2016

Moni kwa nonse a m'gulu lino.

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe, ndipo kutha kwa mwezi uliwonse ndimatulutsa lipoti la ngongole ngati fayilo ya CSV, n'kulitsegula mu Excel 2016. Abwana akufuna kuona makasitomala a ku Blantyre ndi ku Zomba okha, amene ngongole yawo yapitirira K500,000 ndipo yatha masiku 60 isanabwezedwe.

Ndikagwiritsa ntchito Advanced Filter, n'kulemba Blantyre ndi ndalamazo pa mzere umodzi, Zomba pa mzere wapansi pake, zonse zimatuluka bwino. Vuto limayamba ndikangowonjezera lamulo la tsiku, chifukwa ngongole zonse zolembedwa pakati pa 13 ndi 31 mwezi uliwonse zimasowa. Ndaona kuti masiku amenewa amatsamira kumanzere kwa kabokosi, pomwe a pa 1 mpaka 12 amatsamira kumanja, ndipo 05/09/2024 ikuwerengedwa ngati 9 May m'malo mwa 5 September.

Ndinayesa kusintha Format Cells kukhala Date, koma palibe chinasintha. Fomula ya DATEVALUE, yosintha mawu kukhala tsiku, inandipatsa uthenga wa cholakwika wa #VALUE!, ndipo fomula ya FILTER, imene mnzanga anandiuza, inabweretsa #NAME? chifukwa mu 2016 mulibe. Kompyutayi ndi ya Windows 10, ndipo pa Region (posankhira dziko) panasankhidwa United States, kumene amayamba kulemba mwezi kenako tsiku, kuyambira pamene tinaigula.

Kodi ndisinthe Region, kapena ndilowetse fayiloyi mwa njira ina yoti ndisankhe DMY (tsiku, mwezi, chaka) masikuwo asanatembenuzike? Amene munakumanapo nazo, chonde ndithandizeni, lipotili likufunika Lachisanu.