Pseudomonas ndi Aspergillus m'makhololo amodzi, koma mankhwala ndi a m'modzi yekha

Chisamba: Abale, ndithandizeni. Bambo anga anachira TB kalekale koma inawasiyira bronchiectasis, njira za mpweya zinatanuka ndipo makhololo amangounjikana. M'mawa uliwonse amalavula obiriwira, olimba, ochuluka ndithu. Ku labu kwapezeka maina awiri, bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa ndi fangasi wotchedwa Aspergillus fumigatus. Adokotala apereka mankhwala a bakiteriya okha, ati za fangasi tidikire kaye. Ine mtima sukukhala m'malo. Tikapha m'modzi, winayo sapeza danga lokula?

WaKuLabu: Nkhawa yanu ndi yomveka, achimwene. Mukawadzala pa mbale imodzi ya mu labu amalimbanadi. Pseudomonas amatulutsa pyoverdine yomwe imalanda ayironi, fangasi n'kupinimbira. Amatulutsanso pyocyanin, utoto wobiriwirako umene timauona pa mbalepo, ndipo ukachuluka umapha fangasi. Aspergillus naye sangokhala, amabwezera ndi poizoni wake, gliotoxin. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti pyocyanin yemweyo akachepa amathandiza fangasi kupeza ayironi. Ndiye ndi adani lero, mawa akudyera limodzi. Komanso m'mapapo amakhala atadzimata m'chiphalaphala chotchedwa biofilm, momwe mankhwala amalowa movutikira. Zoona pa mbale yanga musazitenge ngati zoona za m'chifuwa cha bambo.

Namwino_wachifuwa: Kupezeka m'makhololo ndi kudwalitsa n'zosiyana. Tonsefe timapuma njere za Aspergillus tsiku ndi tsiku. Funsani adokotala za magazi: Aspergillus IgG imaloza matenda okhalitsa a fangasi m'mapapo, IgE imaloza ABPA, pamene thupi likungodana naye ngati mphumu. Popeza bambo anadwala TB, ajambulidwenso, chifukwa fangasi ameneyu amakonda kumanga kampira m'mphako zimene TB imasiya. Ndipo musathamangire itraconazole, mankhwala a fangasi. Amamwedwa miyezi yambiri, amatha kuvuta chiwindi, ndipo rifampicin, mankhwala a TB, amamufooketseratu m'magazi. Kodi akuwonda? Anayamba alavulapo magazi?

Chisamba: Magazi ayi. Kuwonda pang'ono, malamba akubowola atsopano. Amagwiritsanso ntchito kopopera kofiirira kaja, ka budesonide.

Namwino_wachifuwa: Zonse ziwirizo mukazinene, musadikire tsiku la sikelo. Kuwondako n'chifukwa chokwanira chopemphera IgG. Budesonide naye ndi itraconazole sagwirizana, budesonideyo, amene ndi mankhwala a mtundu wa steroid, amachuluka m'thupi, ndiye adokotala adziwiretu asanalembe chilichonse. Pakadali pano bambo asalumphe kutulutsa makhololo m'mawa ndi madzulo.